Moto Umene Ukugona mu Shuga

Tikati tiganize bwino, dziko lino likanayenera kupsa kalekale. Mitengo, udzu, thonje, mapepala, chimanga cha m'nkhokwe, ngakhale malaya amene tavalawa, zonsezi n'zoyaka. Mpweya umene moto umafuna nawo sitichita kugula, uli ponseponse ndipo tikuupuma panopa. Zoyaka ndi choyatsira zakhala zikugona pamodzi chilengedwere dziko, komabe kunja kumacha bwinobwino, mbuzi n'kupita kubusa, ana n'kupita kusukulu. Namalenga anaika malire pakati pa ziwirizi: sizigwirana pokhapokha patabwera kutentha koyambitsa. Anthu amene ntchito yawo ndi kuteteza mafakitale ku moto amathera moyo wawo wonse akulondera malire amenewa, ndipo n'kutheka kuti palibe wina amene amawaona pafupi kuposa iwo.

Fakitale ndi malo amene munthu amaunjika dala zinthu zimene chilengedwe chinazimwaza. Titenge shuga. Ku Nchalo m'chigwa cha Shire ndi ku Dwangwa m'mbali mwa nyanja, nzimbe zimaima padzuwa miyezi yambirimbiri. Tsamba limakoka madzi m'nthaka, limatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi m'mlengalenga, n'kuzilumikiza ndi mphamvu ya kuwala kwa dzuwa. Pamenepo pamatuluka zinthu ziwiri: shuga amene amatsikira mu nzimbe, ndi okosijeni amene amapita m'mlengalenga. Tsamba limodzi lomwelo lapanga nkhuni, lapanganso mpweya wozitenthera, n'kuzilekanitsa mwakachetechete. Moto ndi ulendo wobwerera. Shuga akakumananso ndi okosijeni amabwerera kukhala madzi ndi kaboni dayokisaidi, ndipo dzuwa limene linatsekeredwa muja limatuluka ngati kutentha. N'chifukwa chake zotsalira za nzimbe zikafinyidwa sazitaya: amazitentha m'maboyila, nthunzi yake n'kuyendetsa makina a fakitale yomweyo.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti thupi lathu limachita ntchito yomweyi. Supuni ya shuga imene mwathira mu tiyi imakapsa m'kati mwanu, ndi okosijeni yemweyo, n'kutulutsa madzi ndi kaboni dayokisaidi yemweyo. Koma imapsa pa madigiri 37 okha, pang'onopang'ono, popanda lawi, popanda utsi, m'timaselo tosaoneka ndi maso. Palibe injiniya amene anamangapo ng'anjo yofatsa chotero. Khanda limabadwa nayo, ndipo imayaka usiku ndi usana mpaka tsiku la maliro.

Mpweya wenimweniwo unayezedwa modabwitsa. Pa magawo 100 alionse, okosijeni ndi magawo 21 okha, pamene 78 ndi nayitirojeni, mpweya wosayaka umene umangoyamwa kutentha n'kuufooketsa moto. Okosijeni akangokwera pang'ono, zinthu zimasintha khalidwe. M'malo antchito, mpweya umene okosijeni wake wapitirira 23.5 peresenti amauwerengera kale kuti ndi woopsa. Amisiri owotcherera zitsulo amaphunzitsidwa kuti asayerekeze kupemerera fumbi pa ovololo yawo ndi okosijeni wa m'silinda, ndiponso kuti girizi asayandikire pa valavu yake, chifukwa nsalu imene ikanangonyeka pang'ono imalilima ngati yathiridwa petulo. Mu January 1967 anthu atatu amene ankakonzekera ulendo wa mumlengalenga wa Apollo 1 anafera m'chombo chawo chili pansi pomwe, ku Florida, moto utabuka m'chipinda chodzaza ndi okosijeni yekhayekha. Kumbali inayo, okosijeni akatsika kufika pa 15 peresenti, zinthu zambiri sizigwiranso lawi, chonsecho munthu wathanzi amapumabe. Mpata wopapatiza umenewu anthu anaupezerapo mwayi. Ku Boston Spa m'dziko la England, British Library imasunga mabuku mamiliyoni ambiri m'nyumba imene okosijeni wake amachepetsedwa dala mpaka kuzungulira 15 peresenti. M'mafakitale a mankhwala ndi a penti amapopera nayitirojeni pamwamba pa zamadzimadzi zoyaka m'matanki, kuti nthunzi yake isowe mnzake woyaka naye.

Tsopano tibwerere ku shuga, chifukwa pali tsiku limene anaonetsa nkhope yake ina. Madzulo a pa 7 February 2008, fakitale yoyenga shuga ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, pafupi ndi mzinda wa Savannah m'chigawo cha Georgia ku America, inaphulika. Anthu 14 anamwalira ndipo 36 anavulala, ambiri atapsa koopsa. Simenti ya pansi inatukuka, makoma a njerwa anagwera m'makwerero amene anthu akanathawira. Munalibe bomba, munalibe petulo. Chinaphulika ndi shuga, yemwe uja wa mu tiyi.

Zimatheka bwanji? Yankho lake ndi masamu a kusukulu ya pulayimale. Moto umadya chinthu kuyambira kunja, pamene chakhudzana ndi mpweya. Kachibulumwa ka shuga kotalika sentimita imodzi mbali zonse kali ndi nkhope zisanu ndi imodzi zokha, ndipo mungakayandikizire machesi koma kamangosungunuka n'kuda. Mukakapera kukhala timibulu tating'ono ta gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, mumapeza timibulu miliyoni imodzi, ndipo malo okhudzana ndi mpweya amachuluka ka 100. Timibuluto tikauluka m'mwamba, kalikonse kamakhala katazunguliridwa ndi okosijeni wakewake. Kamodzi kakayaka kamayatsa anzake oyandikana nako, iwonso anzawo, ndipo mphamvu ya dzuwa imene nzimbe zinatolera miyezi yambiri imatuluka yonse m'kuphethira kwa diso. Mpweya wotenthawo umafufuma, ukasowa potulukira umakankha makoma. Ufa wa tirigu umachitanso chimodzimodzi: mu 1878 chigayo chachikulu cha Washburn A ku Minneapolis chinaphulika n'kupha anthu 18. Utuchi wosalala, ufa wa chimanga, fumbi la malasha, ngakhale fumbi la aluminiyamu, zonse zili m'gulu lomweli.

Bungwe la boma la America lofufuza ngozi zotere, la Chemical Safety Board, linalongosola mmene zinayambira ku Port Wentworth, ndipo nkhani yake imamvetsa chisoni chifukwa inayamba ndi cholinga chabwino. Pansi pa nkhokwe zikuluzikulu za shuga pankadutsa lamba wonyamula shugayo. Mu 2007 anamuvindikira lambayo ndi malata achitsulo kuti zinyalala zisamagweremo. Fumbi limene kale linkamwazika m'ngalande yaikulu imene lambayo ankadutsamo linayamba kuunjikana m'kabokosi kopanda potulukira, mpaka linafika pa mlingo wophulika. Ofufuzawo anaona kuti choyatsa chiyenera kuti chinali beringi imene inatentha kwambiri. Kuphulika koyambako kunali kwa m'ngalande mokha. Koma kunagwedeza nyumba yonse, ndipo shuga amene anakhala akuunjikana pansi, pamwamba pa mapaipi, pa zitsulo za kudenga ndi pa makina anauluka n'kudzaza zipinda. Lawi linamupeza ali m'mwamba. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo m'fakitale muja tchire lake linali fumbi losasesedwa. Kuphulika kunatsatizana chipinda ndi chipinda, ndipo kwachiwiriku ndiko kunapha anthu ambiri.

Apa ndimaona kuti pali chinthu chotsitsa munthu. Timayembekezera kuti ngozi yaikulu chotere iyenera kukhala ndi mankhwala aakulu, amakono, odula. Alipo ndithu: makina oyamwa fumbi pamene likubadwira, timazenera tofooka dala timene timang'ambika kuti kuphulika kutulukire kunja kopanda anthu, zipangizo zoyeza kutentha kwa beringi iliyonse, mawaya olumikiza makina ku nthaka kuti magetsi obwera ndi kukhulana kwa zinthu asathetheke. Koma mankhwala oyamba ndi ukhondo basi. Malangizo a bungwe loona za chitetezo ku moto la NFPA akhala akuchenjeza kuti fumbi loyaka lokhuthala osakwana n'komwe milimita imodzi, likafalikira pamalo aakulu, ndi lokwanira kubweretsa tsoka. Akatswiri amaletsanso kulipemerera ndi mpweya wa kompuresa, poti kutero n'kupanga ndi manja ako mtambo umene ukuuopa. Mayi kapena bambo amene amakwera makwerero kukapukuta pamwamba pa paipi pamene bwana sayang'ana, malipiro ake amakhala otsikitsitsa m'fakitale, chonsecho ndi iye amene wagwira miyoyo ya onse.

Mlengi amene anaika moto m'zinthu anaikanso chouziziritsa, ndipo anachipereka chambiri. Madzi si chinthu wamba ayi, kungoti tinawazolowera. Kuti lita imodzi ya madzi owira kale isanduke nthunzi, imameza kutentha kopitirira kasanu kumene kumafunika kuti madzi omwewo achoke pa madigiri 0 kufika pa 100. Ikasanduka nthunzi imafufuma pafupifupi ka 1,700, n'kukankhira kutali mpweya umene lawi limadalira. Motero dontho limodzi limamenya moto mbali ziwiri. Mu 1874 Henry Parmelee, amene anali ndi fakitale ya mapiyano ku New Haven, anapanga timipopi ta kudenga totseguka tokha moto ukabuka, ndipo Frederick Grinnell anatikonza bwino m'zaka zotsatira. Timipopi ta masiku ano, timene amatitcha ma sprinkler, tambiri timatsekedwa ndi kabotolo kagalasi kochepa kuposa chala chaching'ono, kokhala ndi timadzi ta mtundu. Timadzito tikatenthedwa timafufuma mpaka galasi kusweka, madzi n'kuyamba kugwa. Kofiira kamasweka pa madigiri 68, kachikasu pa 79, kobiriwira pa 93. Kalibe batire, kalibe kompyuta, sikadikira kuti mlonda adzuke. Kamangodalira lamulo lakuti chinthu chikatentha chimafufuma, lamulo limene silinaphonyepo tsiku. Ndipo zimene timaona m'mafilimu, zoti timipopi tonse timatseguka nthawi imodzi, si mmene zimakhalira m'nyumba zambiri. Kamatseguka ndi kokhako kamene kamva kutentha.

Madzi ali ndi malire awonso. Pa mafuta oyaka amangowamwaza, pa magetsi amapha wozimitsayo, ndipo pa chitsulo cha magineziyamu chikamayaka amaukolezera motowo. N'chifukwa chake m'fakitale yosamala mumapeza zozimitsira zamitundumitundu, chilichonse pamalo pake.

Palinso madzi ena amene ambiri sitiwadziwa, obisika m'mwala. Mwala wa gypsum, umene amapangira mabolodi a siling'i ndi a makoma otchinga moto, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake ndi madzi omangidwa m'kati mwake. Ukaugwira ndi wouma gwa. Moto ukauwomba umayamba kutulutsa madziwo ngati nthunzi, ndipo mpaka atatha, kuseri kwa khomalo sikutentha kupitirira kwenikweni kutentha kwa madzi owira. Mwala umatuluka thukuta kuti anthu apeze nthawi yothawa. Chitsulo, chimene timachiona ngati mfumu ya kulimba, ndicho chimagonja msanga: chikafika pa madigiri 550 mpaka 600 chimakhala chitataya pafupifupi theka la mphamvu zake, n'kuyamba kupindika chisanasungunuke n'komwe.

Zimenezi dziko la mafakitale linaziphunzira mowawa pa 12 August 1953 ku Livonia, m'chigawo cha Michigan. Fakitale ya General Motors yopanga magiya a galimoto inali yatsopano, ya zitsulo ndi njerwa, ndipo anthu ankaiona ngati yosapsa. Amisiri ankadula chitsulo ndi moto wa gasi, kamoto kothetheka n'kugwera m'chiwaya cha mafuta oteteza dzimbiri. M'kati mwake munali chipinda chimodzi chachikulu kwambiri chopanda makoma ochigawa, timipopi ta madzi tinali m'mbali zochepa chabe, ndipo phula la padenga linasungunuka n'kumadonthera pamoto. Zitsulo zogwira denga zinafewa, nyumba yonse n'kugwa. Kuchokera pamenepo omanga mafakitale analimbikira kugawa nyumba ndi makoma otchinga moto, kuvindikira zitsulo ndi zinthu zosatentha msanga, ndi kuboola denga kuti utsi uzituluka.

Ntchito yowotcherera nayo inaikiridwa mwambo wake. Masiku ano m'fakitale yolongosoka mmisiri sayatsa moto wake asanalandire chikalata cha chilolezo chosainidwa ndi woyang'anira. Zoyaka zonse za pamtunda wa mamita 11 kuzungulira pamalopo amazichotsa kapena kuzifunditsa nsalu yosapsa, ming'alu ya pansi amaitseka, ndipo pamaima munthu wina amene ntchito yake ndi kungoyang'ana kumene moto wothethekawo ukugwera, chozimitsira chili m'manja. Mmisiri akamaliza n'kulongedza zida zake, mnzakeyo sachoka. Amatsalira theka la ola, malo ena ola lathunthu kapena kupitirira, chifukwa kachitsulo kotentha kamene kagwera mu utuchi kamatha kunyeka mobisa kwa nthawi yaitali, n'kudzabuka anthu onse ataweruka.