Loko wa agogo anatseguka ndili ndekha



Kwathu kuno pa Boma kuli bokosi lachitsulo limene agogo aamuna anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni, nthawi ija anthu ankapita pa Wenela. Eniakewo anatisiya kalekale. Kiyi wake ankasunga ndi agogo aakazi, koma anasowa mu March 2023, usiku umene namondwe wa Freddy anatithamangitsa m'nyumba. Bokosi linapulumuka, loko ali chitsekere.

Amalume anati tingobwereka sowo yodulira zitsulo, nkhani ithe. Agogo anakana. "Loko ameneyu anagula ndi bambo anu. Musamudule." Ine n'kuti nditayamba kale kuonera pa YouTube anthu amene amatsegula maloko opanda kiyi ngati masewera, monga ena amakondera bawo. Ndiye ndinapempha: "Agogo, mundilole ndiyeseko." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Yesa, koma usandithyolere."

Amene simunaonepo m'kati mwa loko, mumakhala chonchi. Pamene timalowetsa kiyi pali kachitsulo kobulungira kamene kamayenera kuzungulira kuti loko atseguke. Chimakaletsa ndi timapini, kawirikawiri tinayi kapena tisanu, tokhala tiwiritiwiri, kena pamwamba pa kanzake, ndipo timasipuling'i timatikankhira pansi. Mano a kiyi aja ntchito yake ndi kukweza pini iliyonse kufika pamlingo wake. Zonse zikafika, kachitsulo kaja kamamasuka. Maloko a mtundu umenewu anafala chifukwa cha Linus Yale Jr. wa ku America, amene anawakonza bwino m'zaka za m'ma 1860. Wotsegula opanda kiyi amapanikiza pang'ono ndi chitsulo chimodzi, kwinaku akukweza mapini imodziimodzi ndi china. Zimatheka chifukwa palibe fakitale imene imaboola mabowo ofanana ndendende, ndiye nthawi zonse pamakhala pini imodzi yoyamba kugwira.

Pa vidiyo zimaoneka zophweka. Ine ndinasula sipoko ya njinga, ndinapinda kachitsulo kena, n'kukhala pamkeka. Sabata yoyamba palibe chimene ndinamva koma kupweteka kwa zala. Loko wakale si ngati watsopano: m'kati muli dzimbiri, fumbi, ndi masipuling'i otopa. Ndinamuthira mafuta a makina osokera, ndinathyola masipoko awiri. Kenaka ndinazindikira kuti vuto linali dzanja langa. Ukapanikiza kwambiri, mapini onse amauma, sumva chilichonse. Umayenera kugwira mofewa ngati ukunyamula dzira.

Sabata yachitatu, titabwera ku Swala ya Isha, anthu onse atagona, ndinamva kuti "khethe". Loko uja ali yasa.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi zimene zinachitika mumtima mwanga panthawiyo. Ndinali ndekha ndi bokosi limene silinatsegulidwe kwa nthawi yaitali. Mphekesera m'banja mwathu zinalipo: ena ankati muli ndalama zakale, ena ankati muli mapepala a munda. Dzanja linafika pa chivindikiro lokha. Maganizo anabwera okoma bwanji: "Ndingosuzumira basi. Sinditenga kanthu. Si ndine ndavutika masabata atatu?"

Koma agogo anandilola chiyani kwenikweni? Anandilola kutsegula loko. Za kuona za m'bokosi sitinakambirane. Komanso katundu wa munthu womwalira ali ndi eni ake, ndipo m'chipembedzo chathu magawo awo ndi odziwika. Ndikanasuzumira ndekha, mawa lake wina n'kunena kuti munali chakutichakuti koma sichikuoneka, ndikanadziyeretsa ndi chiyani? Ndinasiya loko ali lende pa bokosi, ndinakagona, ngakhale tulo sitinabwere msanga. M'mawa ndinaitana agogo, amayi ndi amalume, ndipo agogo anatukula chivindikiro ndi manja awo. Munali jekete, zithunzi, makalata ndi tasbihi. Agogo anakhala chete, jekete lili pamiyendo, mpaka tiyi anazizira.

Funso limene ndinatsala nalo ndi ili: kodi n'koyenera kuti munthu wofuna kukhala wolungama aphunzire luso limene akuba amaligwiritsanso ntchito?

Mkangano umenewu sunayambe lero. Mu 1851 munthu wina wa ku America, Alfred Charles Hobbs, anapita ku chionetsero chachikulu ku London. Kumeneko kunali loko wa kampani ya Bramah amene anakhala pawindo la sitolo zaka zoposa 50, ndi lonjezo la mphotho kwa aliyense amene angamutsegule opanda kiyi. Hobbs anamutsegula atalimbana naye maola 51 pa masiku 16. Anthu ena anakwiya, ati akuphunzitsa mbava. Mbali ya Hobbs inkati mbava zimadziwa kale zimenezi, amene ali mumdima ndi eni nyumba amene akudalira loko wofooka. Pambuyo pake iye anatsegula kampani yake yopanga maloko ku London komweko.

Mfundo imeneyo ndimaivomereza, koma theka lokha. N'zoona kuti kudziwa kwandithandiza. Pano ndikamagula loko pa Chitakale sindiyang'ana kukula kapena kunyezimira kokha. Ndadziwanso kuti loko amangochedwetsa munthu. Wakuba weniweni sakhala masabata atatu ndi sipoko, amabwera ndi chitsulo chokanulira. Koma pali china chimene mfundoyo siinena. Luso limasintha mwini wake. Kale ndinkadutsa pa magolosale otseka osaganiza kanthu. Lero maso amathamangira pa loko, mutu n'kuyamba kuwerengera wokha kuti uyu ndi wa mapini angati. Kale sindikanatha kutsegula chitseko cha munthu ngakhale nditafuna, ndiye kusaba kwanga kunali kosayesedwa. Lero chimene chatsala pakati pa ine ndi katundu wa mnzanga ndi mtima wanga basi. Imeneyo ndi amana, ndipo ndi yolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

Ambiri tikafika apa timathamangira kunena kuti chachikulu ndi niya. Inde, tinaphunzira ku madrasa kuti ntchito zimayezedwa ndi niya. Koma usiku uja niya yanga inali yoyera m'maso mwanga, chikhalirecho ndinatsala pang'ono kuchita chimene sindinaloledwe. Niya ndi ya mumtima, ndipo mtima umadziwa kudzikometsera. N'chifukwa chake pamafunika china chochokera kunja kwa iwe: chilolezo cha mwini. Mu Surat An-Nur timalangizidwa kuti tisalowe m'nyumba za ena tisanapemphe, ndipo tikabwezedwa tibwerere. Lamuloli silifunsa ngati chitseko chili chokhoma kapena chongotsekera ndi mwala.

Mayeso achiwiri sanachedwe. Mbiri itamveka, mnzanga wina anabwera. "Aise, akulu anga anapita ku Joni, chipinda anakhoma, muli batire ya sola ikungowonongeka. Tangonditsegulira, tibweza asanabwere. Si kuba kumeneko." Ndinamuuza kuti awaimbire pa WhatsApp ndili pomwepo, akavomera, ndikatsegula masana, mayi awo akuona. Anaseka, akuti ndikudzimva ushehe. Foni sanaimbe. Mpaka lero moni wathu ndi wozizira, ndipo zimandiwawa chifukwa tinakulira limodzi. Koma kukana kwake kuimba kunandiuza yankho limene akulu akewo akanapereka.

Sindikunena kuti palibe nthawi yotsegula usanapemphe. Mwana atatsekeredwa m'nyumba moto ukuyaka, palibe amene angayambe kufunafuna nambala ya mwini nyumba. Moyo uli patsogolo. Koma zoterezi zimachitika poyera, anthu akuona, ndipo ukatha umafotokoza wekha usanafunsidwe. Pamene ukufuna kutsegula mwakachetechete kuti wina asadziwe, dziwa kuti si ngozi imeneyo.

Kwa amene mwakopeka ndi masewerawa, ine ndinadziikira malire atatu. Ndimaphunzirira pa maloko anga okha, ogula ndekha kapena opatsidwa. Loko wa munthu ndimamugwira mwini wake atandipempha yekha, pali mboni. Ndipo zida zanga sizituluka m'nyumba usiku. Malamulo a dziko lino amaletsa kupezeka usiku ndi zida zothyolera nyumba popanda chifukwa chomveka, komanso tonse tikudziwa zimene gulu lokwiya limachita kwa munthu woganiziridwa kuba lisanamve n'komwe mbali yake.

Mwina inu maloko sakukukhudzani. Koma ena mwa ife timadziwa pasiwedi ya foni ya amayi, ena timasunga PIN ya Mpamba kapena Airtel Money ya agogo chifukwa iwo sawerenga, ena timakonza mafoni a anthu momwe muli zithunzi ndi mauthenga awo. Ndiye tandiuzani mu makomenti: munapatsidwa chilolezo chofika pati, ndipo mumaimira pomwepo?

Loko uja agogo anamubwezera pa bokosi, koma samukhomanso. Amangomukoleka.

Allah atiteteze ku zimene manja athu angathe koma sizili zathu. Ameen.