Kodi Munthu Angadziombezere Yekha?

Patchuthi chapitachi ndinabwerera kwathu ku Thyolo nditatenga makadi 78 a tarot amene mnzanga wina anandibwereka. Ndinapeza bambo akudwala, ukapitawo wao wa pa esiteti ya tiyi atausiya. Banja lonse linali kudalira dengu la mayi, amene amathyola tiyi kuyambira m'bandakucha nalandira malipiro molingana ndi kulemera kwa masamba pa sikelo. Funso langa linali limodzi: ndisiye maphunziro ndikafune ukalaliki pa esiteti pomwepo, kapena ndipirire zaka ziwiri zotsalazi?

Makadi amenewa anayamba ngati masewera wamba kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400. Zoti muli nzeru zobisika za ku Egypt anazifalitsa Antoine Court de Gébelin mu 1781. Zonsezi ndinali kuzidziwa, komabe usiku wina kukomboni ndinayatsa koloboyi nkuwayala pamphasa.

Loyamba kutuluka linali khadi la nambala 13, la Imfa. Kabuku kophunzitsira kanati khadili silinena za maliro, koma za kutha kwa chinthu china kuti chinzake chiyambe. Nanga chakutha nchiti, sukulu kapena umphawi? Ndinasakanizanso. Nditasakaniza kachitatu kunatuluka khadi la Dzuwa, ndipo pomwepo ndinaleka, mtima uli m'malo.

Apa ndiye pagona nkhani. Makolo athu pofuna kuombeza ula ankayenda mtunda wautali kufuna woombeza wosawadziwa, ndipo ankapita ndi mbale wao woti akhale mboni. Ankadziwa kuti wofunsa asakhalenso woyankha. Ula unali ndi choipa chake: kawirikawiri unkaloza mnansi kuti ndiye mfiti, ndipo lamulo la atsamunda la 1911 linaletsa kutchula munthu choncho. Makadi anga sanaloze munthu aliyense. Koma wodziombezera yekha ali ngati mfumu yozenga mlandu wake womwe; amangozengabe mpaka chigamulo chimukomere.

Kodi tinene kuti makadiwo ndi achabe? Iyayi. Anandiululira zoona, koma choulula sichinali chithunzi cha pa khadi. Chinali dzanja langa limene linakana kuleka kusakaniza. Ndikadakhala wofunadi kusiya sukulu, Imfa ija ndikadailandira msanga. Yankho ndinali nalo kale, chimene ndinkafuna ndi woti ndidzamuloze chala, kuti poona mayi akuwerama m'mizere ya tiyi mvula ili pamsana ndizidzati, "Makadi ndiwo anatero."

M'mawa mwake ndinawauza mayi kuti ndibwerera kusukulu, ndi kuti maganizowa ndi anga. Anamanga dengu kumsana nati, "Wanena wekha, mwanangu. Ukakhoze tsono." Mau amenewa akundilemera kuposa makadi onse 78, pakuti sindingawasakanizenso.