Chikalata ndi Mboni: Mwini Munda Ndani?

Tikumtamanda Allah, Mwini thambo ndi nthaka, ndipo tikupempha madalitso ndi mtendere kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mvula ikayandikira kuno ku Lifidzi, milandu ya minda imachuluka pabwalo la mfumu. Lero tiunike funso limodzi: anthu awiri akakanganirana munda, wina atanyamula chikalata cha chidindo, wina akuloza mizere imene wakhala akulima, woyenera kupambana ndani?

Tiyerekeze mayi wamasiye amene anathawira ku Dedza pa nkhondo, nabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anaswa mphanje, nabzala nkhadze m'malire, ndipo kachewere wa m'mundamo ndiye walera ana ake. Pepala alibe. Tsono pabwera munthu wodziwa Chipwitikizi, amene anathamangira ku maofesi a ku Ulongwe, akuti mundawo ngwake popeza ndiye anayamba kulembetsa.

Ambiri timayesa kuti wa pepala wapambana kale, koma lamulo silitero. M'dziko lathu la Mozambique nthaka ndi ya boma. Siigulitsidwa ndipo siiikidwa chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT. Lamulo la Nthaka nambala 19/97, la pa 1 Okutobala 1997, limatchula njira zitatu zopezera ufuluwu: kukhala pamalo motsata mwambo wa makolo, kukhalapo mopanda chinyengo zaka zosachepera 10, kapena kupempha ku boma. Wopeza malo mwa njira ziwiri zoyambazo sataya ufulu wake chifukwa chosowa chikalata kapena kusalembetsa, malinga pakhale umboni, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umalandiridwa. Komanso chikalata chisanaperekedwe kwa wopempha, anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa ngati malowo alibe mwini.

Apa ndi pamene mlandu umatigwera ife. Ngati chikalata chatuluka pamunda wa mayi uja, tidzifunse: pa msonkhano wofunsa anthu tinali kuti? Kaundula wa boma saona ndi maso. Amalemba zimene mboni zanena. Tikakhala chete poopa munthu wachuma, kapena tikavomera bodza chifukwa cha kandalama, chidindo chimadinda bodza lathulo. Sura ya Al-Baqara, ndime 283, imaletsa kubisa umboni, ndipo imatiuza kuti woubisa mtima wake ngwochimwa.

Nanga wopambana ndi pepala lotere wapindulanji? Mayi wathu Ummu Salama anasimba chenjezo la Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) lakuti wina amaposa mnzake pa luso loyankhula mlandu, ndipo akapatsidwa za m'bale wake chifukwa cha lusolo, chimene walandira ndi chidutswa cha Moto. Ngati chigamulo cha Mtumiki weniweniyo sichinasandutse haramu kukhala halali, chidindo cha muofesi chingathe bwanji? Bukhari ndi Muslim analembanso za wolanda nthaka yongolingana ndi chikhatho, kuti adzaisenza m'khosi pa Tsiku la Kiyama, ndipo Muslim analemba za temberero pa wosuntha zizindikiro za malire. Akulu anati mlandu suola. Wa nthaka umadikira mwini wake kutsidya kwa manda.

Wina angati, basi mapepala ngachabe. Ayi ndithu. Ndime yotalika kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Sura yomweyo, imatilamula kulemba ngongole ndi kuika mboni. Nzeru yake ikukhudzanso minda. Okalamba amene ankadziwa malire akutha mmodzimmodzi, nkhadze imazulidwa usiku, ndipo ana obadwira ku Malawi sadziwa pamene panalekeza khasu la agogo awo. Amene ali ndi ufulu weniweni koma akuzengereza kulembetsa akusiyira ana ake mkangano. Kulemba kumasunga ufulu umene ulipo kale. Sikubala ufulu pamene panalibe.

Choncho tilembetse minda yathu mboni zikadali moyo, ndipo polembetsa tisasiye akazi athu ndi ana aakazi, amene Sura ya An-Nisa inawapatsa gawo m'chuma chamasiye. Tisalandire ndalama kwa anthu awiri pa dimba limodzi. Tikaitanidwa kukanena malire, tinene zoona ngakhale wotsutsidwa ali m'bale wathu wa bere limodzi. Ndipo ngati pakati pathu alipo wosunga chikalata cha munda umene mtima wake ukudziwa kuti ngwa wina, aubweze mvula isanagwe, pakuti kulapa pa za munthu mnzathu kumayamba ndi kubweza.

Tikumpempha Allah atipatse malilime oona pa umboni, atiteteze ku chakudya cha m'munda wolanda, ndipo atikhululukire ife ndi makolo athu. Amin.