Phungu wa bokosi ndi phungu wa funso

Ukaima pafupi ndi tolo geti ya pa Shimabala kwa ola limodzi chabe, umaona zambiri zimene anthu a mu Lusaka adzadye, adzamwe ndi kumeza mawa. Mathiraki ochokera ku Chirundu ndi ena ochokera ku Livingstone amakumana pa Turnpike, amawoloka mlatho wa Kafue, amadutsa m'tauni, kenako amafika pano ali pa mzere. Muli chimanga, muli shuga, muli mafuta ophikira, muli makatoni a mankhwala. Dalaivala aliyense amalipira ndi kulandira risiti. Koma wa pa geti safunsa ngati chimanga chili m'thirakimo chinauma bwino, kapena ngati mapilitsi ali m'makatonimo amachizadi. Si ntchito yake. Ntchito imeneyo ili ndi eni ake, mabungwe a boma oyeza zinthu monga Zambia Bureau of Standards, ndipo pamwamba pa mabungwewo pali nduna. Nanga ndunazo amazifunsa ndani? Malamulo a dziko lino amati ndi aphungu amene tinawatuma ku Manda Hill.

Chaka chatha ndinapita ku maliro a msuweni wanga, kutali ndi kuno. Anadwala masabata atatu, ndipo ku kiliniki ankangomulembera kapepala kakuti akagule mankhwala ku famasi. Tsiku lachiwiri la maliro kunabwera kagalimoto ka phungu wa deralo ndi bokosi, matumba anayi a unga ndi kabichi. Amalume anga anagwedeza mutu mokhutira.

"Uyu ndiye MP," anatero. "Ena aja amangolankhula Chizungu pa TV."

Ndinawafunsa mwaulemu ngati phunguyo anafunsapo nduna chifukwa chake m'kiliniki munalibe mankhwala. Anandiyang'ana ngati ndatukwana pa siwa.

"Mphwanga, funso sitidya."

Mawu amenewa akhala akundivutitsa mpaka lero, chifukwa amalume sananame. Pa maliro pamafunika bokosi, ndipo banja lopanda ndalama silingaike munthu m'manda ndi funso. Komabe ndikufuna kunena kuti ifeyo, anthu ovota, tinasinthanitsa zinthu molakwika. Timalemekeza phungu amene amafika munthu atamwalira, ndipo amene amavutitsa nduna munthuyo akadali moyo sitimudziwa ndi dzina lomwe.

Tiyeni tione zimene funso linachitapo m'dziko muno. Mu 2019 unduna wa zaumoyo unapereka kontrakiti ya madola 17 miliyoni kwa kampani ya Honeybee Pharmacy kuti ibweretse zida ndi mankhwala a m'makiliniki. Nkhaniyi inalowa mu lipoti la Auditor General, ndipo lipotilo linafika ku Public Accounts Committee, komiti ya aphungu imene imaunika mmene ndalama za boma zagwirira ntchito. Wapampando wake nthawi imeneyo anali a Howard Kunda. Mu January 2021 komitiyi inaitana akuluakulu a unduna ndi a mabungwe ake, anthu akuonera pa TV. Pamenepo m'pamene dziko linamva kuti makondomu ndi magolovesi ena analephera atayezedwa ndi Bureau of Standards, koma anali atagawidwa kale m'zipatala. Pa 10 January 2021, Pulezidenti Edgar Lungu anachotsa nduna ya zaumoyo, a Chitalu Chilufya, osatchula chifukwa. Mlandu umene unapita ku khoti pambuyo pake unatha popanda wopezeka wolakwa, ndipo sindikuweruza munthu pano. Chimene ndikunena n'chakuti mnyamata wa pa Shimabala amene anatenga kondomu yaulere ku kiliniki, ndi namwino amene anavala golovesi pogwira magazi, anadziwa zoona chifukwa anthu ena anakhala pa mpando, nafunsa, nakana kulandira yankho lozungulira.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwambi umenewu timauuza ana, koma m'dziko la malonda a masiku ano tonse ndife ana. Agogo athu ankadziwa munda umene chimanga chawo chachokera, nkhokwe imene chinagonamo, ndi mtondo umene chinasinjidwamo. Ife timagula pamela pa kantemba. Unga wa m'kapepalamo wadutsa m'manja a mlimi, wogula, wosunga, wogaya ndi wogulitsa, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene timamudziwa. Sitingayeze ndi maso kapena ndi lilime. Tikadya, timakhala tikukhulupirira kuti kwinakwake kuli munthu amene anayeza, ndiponso kuti woyezayo amaopa kufunsidwa.

Mu August 2024 chikhulupiriro chimenechi chinagwedezeka. Nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo kuti pa zitsanzo 25 zimene anatenga ku makampani ogaya, pafupifupi theka zinali ndi poizoniyu wopitirira muyezo. Aflatoxin amachokera ku chuku chimene chimamera pa chimanga ndi mtedza, makamaka mbewu zikavutika ndi chilala m'munda kapena zikasungidwa ponyowa. Kuphika sikumupha. Amawononga chiwindi, ndipo akamadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka amatha kuyambitsa khansa. Chaka chimenecho chinali cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha tsoka la dziko lonse mu February. Chimanga chinali chochepa, unga unali wodula, ndipo aliyense ankagula chimene wapeza. Taganizani bwino: amene anatichenjeza poyamba anali agalu a anthu okhoza kupita nawo kwa dokotala wa ziweto. Mwana wa m'komboni amene amadya phala la unga womwewo safa tsiku lomwelo, ndiye palibe amene amamuwerenga.

Apa m'pamene malonda ndi thanzi zimakokana, ndipo tisanamizane kuti nkhaniyi ndi yosavuta. Nduna yoona za malonda imafuna kuti mafakitale aziyenda, anthu asachotsedwe ntchito, mitengo isakwere. Nduna ya zaumoyo imafuna kuti chakudya chokayikitsa chichotsedwe m'mashopu msanga. Onse awiri ali ndi mfundo. Kumbukirani kolera ya 2017 ndi 2018, pamene boma linaletsa kugulitsa m'misewu ya mu Lusaka ndi kutseka misika ina, mpaka anthu a ku Kanyama anachita chipolowe mu January 2018. Lamulolo linali lofuna kupulumutsa miyoyo, koma linatsekanso mphika wa mayi amene ana ake amadya chifukwa cha vitumbuwa. Kolera inabweranso mu 2023 ndi 2024, inapha anthu oposa 700, bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka February. Pa nkhani zotere, chilichonse chimene boma lingasankhe chimapweteka wina. Ndiye funso la phungu limagwira ntchito yotani? Limakakamiza nduna kunena poyera amene yasankha kumupweteka, chifukwa chake, ndi zimene ichite kuti chaka chamawa tisabwerere pomwepo. Chosankha chikachitikira m'ofesi yotseka, wopwetekedwa amakhala yemwe alibe nambala ya foni ya nduna.

Njira zofunsira zilipo, ndipo sizobisika. Phungu akhoza kulemba funso lakuti nduna iyankhe pakamwa kapena polemba. Lachisanu, Nyumba ikamakumana, pamakhala nthawi yofunsa Wachiwiri kwa Pulezidenti. Pakagwa nkhani yadzidzidzi, Sipikala akhoza kulamula nduna kuti ibwere kudzafotokoza, ndipo aphungu amaifunsa ikamaliza. Pali makomiti oona za zaumoyo ndi za malonda, ndiponso pali Committee on Government Assurances, imene ntchito yake ndi kutsata malonjezo amene nduna zinapanga m'Nyumbamo. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amalolanso aphungu kudzudzula nduna mwalamulo: gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu lisaine, ndipo magawo awiri mwa atatu avomereze.

Chiwerengero chomalizachi chikutionetsa pamene pali fupa. Kuno kwathu nduna zimasankhidwa pakati pa aphungu omwewo. Wofunsa ndi wofunsidwa amakhala pa benchi imodzi, amavala chitenje cha chipani chimodzi, ndipo wofunsayo mwina akuyembekezera kuti mawa mpando wa unduna udzakhala wake. Phungu wa chipani cholamula akafunsa funso lolasa, anzake amamutcha woukira. Phungu wa chipani chotsutsa akafunsa, amati akungofuna kutchuka. Ndipo si bodza kuti ena amafunsadi pofuna kamera. Zipani zasinthana mipando mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, ndipo nthawi iliyonse taona anthu amene ankafunsa mokuwa ali kumanzere kwa Sipikala akuyamba kuyankha mozungulira atasamukira kumanja.

Ndiye kodi phungu wa chipani cholamula amene amaimitsa nduna yake ndi wosakhulupirika? Ine ndikuti ayi. Pa ukwati wa Chichewa pamakhala ankhoswe, ndipo nkhoswe ya mwamuna imachokera ku banja la mwamunayo. Koma mkazi akabwera ndi dandaulo loona, nkhoswe imene imangoteteza m'bale wake imaphwasula ukwati umene inaikidwa kuti iusunge. Nkhoswe yabwino imamukhazika pansi m'bale wakeyo ndi kumuuza kuti apa walakwa. Phungu nayenso anaikidwa pakati pa boma ndi ife. Akabisa kulakwa kwa nduna pofuna kuteteza chipani, amawononga chinthu chokhacho chimene chimachititsa mayi kumwetsa mwana wake mankhwala a ku kiliniki mopanda mantha. Za wotsutsa wofuna kamera uja, ine sizindidetsa nkhawa kwambiri. Ngati funso lake ndi loona, yankho lake limatithandiza tonse, kaya mtima wake unali pati.

Palinso chitsutso china chimene ndimachimva kwa anzanga pa siteshoni ya minibasi: amafunsana, amaseka, amalandira ma alawansi, palibe chimasintha. Ndikumvetsa. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kufika mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Ife a kumunsi kuno, amene timadya nsomba za mu mtsinje womwewo ndiponso amene mapaipi a madzi opita ku Lusaka amayambira pakhomo pathu, tinangomvera pa wailesi. Mu May chaka chomwecho kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula madola 50 miliyoni pa thandizo la mankhwala chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala a boma. Munthu akamva zonsezi akhoza kunena kuti mafunso a ku Manda Hill ndi mphepo. Koma yankho la nduna limalembedwa liwu ndi liwu m'buku la zokambirana za Nyumba, ndipo limakhala pa intaneti. Nduna ikanena kuti mankhwala afika mwezi wamawa, lonjezolo lili ndi deti. Funso loyamba kawirikawiri silisintha kanthu. Chimene chimasintha zinthu ndi funso lachiwiri, la munthu amene wabweranso patapita miyezi itatu atanyamula yankho loyamba lija m'manja. Ndipo phungu amabweranso pokhapokha akadziwa kuti kwawo kuli anthu amene akuwerenga.

Apa ndiye pafika mbali yathu. Phungu ndi munthu wochenjera, amaphunzira msanga chimene chimamubweretsera voti. Tikamamuyamikira chifukwa cha bokosi, mpira wa timu ya pa komboni ndi K100 ya tiransipoti, adzasunga ndalama za zimenezo, ndipo ku Nyumba ya Malamulo adzakhala chete kuti asakhumudwitse omwe angamupatse mpando wonona. Sindikunena kuti tikane bokosi. Umphawi si wosewera nawo, ndipo wothandiza pa maliro timamuthokoza. Koma bokosi ndi mphatso ya munthu, pamene kufunsa nduna ndi ntchito imene timamulipirira ndi msonkho wathu, womwe timadula ngakhale pogula thokotaimu. Tikalandira mphatso m'malo mwa ntchito, tagulitsa chinthu chachikulu pa mtengo wa thabwa.

Dera lililonse lili ndi ofesi ya phungu, ndipo kulowamo salipiritsa. Zokambirana za Nyumba zimaulutsidwa pa Parliament Radio ndi pa TV, ndipo bandulo imene timathera pa TikTok ikhoza kutsegulanso tsamba la National Assembly. Ngati pa kiliniki yanu akhala akukulemberani kapepala ka ku famasi kwa miyezi iwiri, lembani madeti ndi mayina a mankhwalawo, mukhale anthu asanu kapena khumi, mukapereke ku ofesiyo, ndipo mupemphe kuti phungu akafunse nduna. Pakapita mwezi mubwerenso mudzafunse ngati anafunsa.

Amalume ndinawaimbira foni sabata yatha. Ndinawauza kuti ndikulemba za mawu awo aja. Anaseka, kenako anakhala chete pang'ono, nandiuza kuti azakhali ayamba kudwala BP ndipo ku kiliniki awapatsanso kapepala. Anandifunsa kuti ofesi ya phungu imatsegulidwa nthawi yanji.