Kodi Chisoni Chokha N'chokwanira?

Ana akamaseka mnzawo wolumala, akuluakulu ambiri amawaletsa ndi mawu amodzi: mumvereni chisoni. Phokoso limathadi, koma tiyenera kudzifunsa chimene mawuwa amasiya mumtima mwa mwana. Womva chisoni amaima pamwamba, womveredwayo pansi. Mnzawo uja sasekedwanso, komabe sasankhidwa pamasewera, safunsidwa funso m'kalasi, ndipo amangokhala pakona ngati mlendo.

Surah Abasa, ya nambala 80 m'Qur'an yolemekezeka, inavumbulutsidwa pa nkhani ya Abdullah ibn Umm Maktum, swahaba wosaona. Iye anafika kwa Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) pamene anali kulankhula ndi akuluakulu a mtundu wa Quraish. Mtumiki anachita tsinya n'kutembenuka, ndipo Allah anamudzudzula. Tizindikire kuti Abdullah sanadzere chakudya kapena chovala. Anadzera maphunziro, ndipo chimene anatsala pang'ono kumanidwa chinali nthawi ya mphunzitsi. Pambuyo pake anakhala woitanira Swala ku Madina pamodzi ndi Bilal, ndipo kangapo Mtumiki popita paulendo anamusiya kuti azitsogolera anthu. Udindo wotere sitiupereka kwa munthu amene tikungomumvera chisoni. Timaupereka kwa amene tikumudalira.

Ena amati njira yabwino ndi kusatchula n'komwe kusiyanako, popeza tonse ndife ana a Adam. Maganizowa ndi okoma kuwamva, koma ana ali ndi maso. Mwana akafunsa chifukwa chimene mnzake ali ndi khungu loyera ife n'kumukalipira kuti akhale chete, amaphunzira kuti pali chamanyazi, ndipo yankho amakalipeza kwa anthu amanong'onong'o. Pamene tikanangomuuza zoona: chialubino mwana amachitengera kwa makolo onse awiri, thupi lake silipanga mokwanira chimene chimadetsa khungu, sichipatsirana, ndipo si tsoka kapena chizimba. Amene akhala akupha anthu achialubino m'dziko muno nawonso anali ana, ndipo bodzalo analimva pamene panalibe woliwongola. Ngakhale maina onga napweri si nthabwala. Surah Al-Hujurat inaletsa kuitanana maina onyozana.

Kusatchula kusiyana kumabisanso zosowa zenizeni. Mwana wachialubino nthawi zambiri saona bwino, choncho akhale kutsogolo ndipo zilembo pabolodi zikhale zazikulu. Wovutika kumva ayenera kuona pakamwa pa ustazi, osati kumbuyo kwa mutu wake. Timaphunzitsa kuti ulumali ndi chikonzero cha Allah, ndipo ndi zoona. Koma masitepe apakhomo pa madrasa, amene amatsekereza mwana woyenda panjinga ya olumala, anamangidwa ndi anthu. Ana amaona amene amanyamulidwa polowa, amene amapatsidwa mpata woitanira Swala ya Asr, ndi amene dzina lake limadumphidwa pa tsiku la mpikisano wowerenga Qur'an.