Kodi Mumamvetsera Mwana Wanu Wosalankhula?

PAMENE wansembe Zekariya anali wosalankhula, achibale anafuna kutcha mwana wake dzina lina. Iye anapempha cholembapo, nalemba dzina lakuti Yohane. (Luka 1:59-63) Akanapanda kumpatsa cholembapocho, ndani akanadziŵa maganizo ake?

2 Lerolino ana ena okhala ndi matenda a ubongo oumitsa ziŵalo amalankhula mwa kuloza zithunzi pabolodi kapena kudina makina otulutsa mawu. Mu 1971, aphunzitsi a ku Toronto anayamba kuphunzitsa ana otero zizindikiro za Bliss, ndipo ana amene anali kuyesedwa osazindikira anayamba kuyankha mafunso.

3 Talingalirani banja la ku Mabutweni, mu Bulawayo, limene agogo ake anachokera ku Malaŵi. Panja mwanayo amamva Chindebele, panyumba Chicheŵa. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza zinenero zonse ziŵirizi, limodzi ndi chinenero chamanja. Komabe, ngati makina ake ali ndi Chingelezi chokha, kodi adzaitana motani agogo? Makolo anzeru amawonjezerapo mawu apanyumba, monga sadza, madzi, kupweteka ndi pemphero. Amasunganso bolodi lapepala kaamba ka masiku amene magetsi azima.

4 Chovuta koposa ndicho kudikira. Kuloza chiganizo chimodzi kungatenge mphindi zingapo. Musammalizire mawu, ndipo mloleni anenenso kuti “ayi.” Uphungu wa pa Yakobo 1:19 wa kufulumira kumva umagwira ntchito panopanso. Kodi lero mwamfunsa kanthu ndi kudikira yankho lake?