Mlendo ndi mame, koma mdzukulu si mlendo

Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, msewu wa M1 umadzaza kusanache bwino. Galimoto zochokera ku Lilongwe zimadutsa pa Nathenje ndi pa Linthipe zitanyamula ana, zakumwa ndi mbaula zootchera nyama. Mukawafunsa eni ake, amati akupita kukaona amayi. Sanama, amakawaonadi. Koma imene imakhala itawaitana ndi nyanja, ndipo amayiwo amangokhala siteji ya panjira.

Tchuthi chapitachi banja lina linapatukira pamudzi wina m'tsinde mwa phiri la Chongoni, kwawo kwa mayi wa m'banjamo. Agogo anali atasesa pabwalo, nkhuku itasosoledwa kale, thobwa lili mumtsuko. Ana a m'tauni anatsitsa shuga, buledi ndi mafuta ophikira, n'kuwafunditsa agogo chitenje chatsopano paphewa kuti awajambule. Madzi a nsima asanawire, mkamwini anayang'ana foni, n'kutembenukira kwa mchimwene wa mkazi wake: "Alamu, mukudziwa kale, mlendo ndi mame. Tikufuna titsike Khwekhwerere kukadali kowala." Agogo anayesako: "Mwanawe, ngakhale ana okhawa adye kaye." Mwana wawo anati, "Amayi, tibweranso pa Khirisimasi." Thobwa analitsanulira m'mabotolo, galimoto inaliza, ndipo nkhuku inadyedwa madzulo ndi omwe anaiweta.

Mwambi wa mlendo ndi mamewu malo ake si pakamwa pa mlendo. Ndi mawu a eni khomo, ouzana kuseri kwa nyumba. Mtengwa akayamba kung'ung'udza kuti ufa ukutha chifukwa cha munthu wobwera, apongozi amamuletsa: pirira, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Umaphunzitsa kupatsa ndi kupirira, poti mtolo wake ndi wa masiku ochepa. Tsono mlendo akautola yekha kuti atsanzikire msanga, wachita zinthu ziwiri zoipa nthawi imodzi. Wamulanda mwini nyumba mwayi wopatsa, ndipo watenga nzeru za mwini nyumba yemweyo kudzikhululukira nazo. Alamu aja anangoseka, koma kunali kuseka kwa ulemu chabe.

Komanso mlendo anali ndani pabwalo paja? Kwa Achewa a ku Dedza mwana ndi wa kuchikazi. Mkamwini, chabwino, adzitche mlendo ngati akufuna. Mwambo sungamutsutse kwambiri. Koma mkazi wake anabadwira pamudzi pomwepo, ndipo ana aja ndi mbumba ya atsibweni awo omwe anaima pambali pa galimoto chipewa chili m'manja. Mawa pakadzabuka nkhani ya chinkhoswe, ya munda kapena ya maliro, n'kumeneko kumene anthu adzathamangire. Lero anawo sakudziwa munda wa mayi wawo, sakudziwa kuti mtsikana amene amawasuzumira pawindo ndi mbale wawo wa bere limodzi la agogo. Akuphunzira ali aang'ono kuti kwa agogo ndi malo owongolerapo miyendo, ndipo akadzagula galimoto zawo adzachita chimodzimodzi kwa makolo omwe akuwaphunzitsawa.

Makolo otere ali ndi yankho lomveka: ana ayenera kuona dziko lawo, osati kungoliwerenga m'mabuku a sukulu. Pamenepo palibe wotsutsa. Ku Cape Maclear kuli zoti mwana aone. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba ngati mbuna, zomwe mitundu yake yambiri sipezeka m'nyanja ina iliyonse. Kuli nkhwazi, kuli milambe, kuli manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa.

Chopweteka n'chakuti galimoto ija inaima m'dera linanso la m'kaundula yemweyo, eni ake osatukula n'komwe maso. Chongoni analowamo mu 2006 chifukwa cha malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, omwazikana m'mapiri a Dedza. Zofiira ndi za Akafula, alenje omwe anakhala kumeneko kalekale. Zoyera, za dothi, ndi za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi Nyau. Atsibweni aja anakulira m'mapiri amenewo akuweta mbuzi. Amadziwa phanga lobisalamo mvula, mtengo wosendako luzi ndi umene makungwa ake amachiza m'mimba. Mwezi wa Okutobala mitengo ya mombo imakhala itaphukira masamba ofiirira, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu, masuku ali pafupi kupsa. Ola limodzi lokwera phiri kumbuyo kwa atsibweni likanawapatsa anawo zinthu zomwe pawindo la galimoto sizioneka. Zina za zojambula zoyera agogo sakanaziulula kwa mwana wosavinidwa, n'zoona, koma mwana akakanizidwa kumva chinthu amadziwa kuti kwawo kuli zinthu zolemekezeka. Ku Chentcherere, pafupi ndi boma la Dedza, zojambula zina zinadetsedwa ndi anthu olembapo maina awo, ndipo munthu amene anaperekezedwako ndi wamkulu wa kwawo n'kovuta kuti achite zoterozo. Kunyanja banja lija likalipira mnyamata wa bwato kuti aimbire nkhwazi likhweru n'kuiponyera nsomba. Kumudzi woperekeza anali waulere, wamagazi awo, ndipo anali atavala kale nsapato.

Zifukwa zina za ofulumira zili ndi mutu, tisawanamizire. Tchuthicho n'cha tsiku limodzi, pokhapokha chitagundana ndi Loweruka ndi Lamlungu. Mafuta ndi okwera mtengo, nthawi zina a pamzere, ndipo pa Kalinyeke pali geti yolipira. Pali midzinso kumene galimoto ikangoima mavuto amafola: fizi, feteleza, malata, ngongole ya kubanki ya m'mudzi. Munthu wolandira malipiro kamodzi pamwezi amatopa nazo, ndipo wina amathawa pabwalo osati chifukwa chodana ndi mayi ake koma poopa kukana pamaso pawo. Chifukwa cholemera kuposa zonse ndi nkhokwe. Pofika Okutobala chimanga cha mabanja ambiri chimakhala chitayamba kutsika, ndipo pakamwa pasanu powonjezera kwa masiku atatu si nkhani yamasewera. Pamenepo kusachedwa kukhoza kukhala chifundo.

Komabe banja lotha kulipira chipinda kuloji ya kunyanja silingalephere thumba la chimanga ndi ndowa ya usipa. Woopa kudya nkhokwe ya apongozi abwere ndi ufa wake n'kugona. Woopa kupemphedwa aphunzire kunena kuti "pakali pano ndilibe, atsibweni," chifukwa mawu amenewo amapweteka pang'ono kusiyana ndi fumbi la galimoto. Za kusowa nthawi ndiye n'zosakhulupirika kwenikweni. Anthu omwewa uthenga wa maliro ukafika, bwana amapereka masiku, mafuta amapezeka, ndipo amachezera pasiwa usiku wonse osayang'ana foni kuti nthawi ili bwanji.

Nkhani ya Khwekhwerere nayonso ndi yoona. Msewu umenewu, wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti, uli ndi makona akuthwa ndi maphompho, ndipo dalaivala wanzeru sautsika mumdima ali ndi ana m'galimoto. Koma mantha amenewo akanatha kumugoneka mkamwini pamudzi mofanana ndi mmene anamuthamangitsira. Akanadya nkhuku ija, ana akanakwera phiri madzulo, n'kulawira m'mawa. Khwekhwerere wa m'mawa ndiye wokoma, chigwa chonse chikuoneka pansi mpaka kunyanja. Pofika pa Golomoti akanatha kukhotera pang'ono kumpoto kukafika ku Mua, mishoni ya mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ana akaone zigoba za Gule Wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao ali ndi mafunso omwe anawatenga kuphiri dzulo lake. Ku Cape Maclear akanafikabe dzuwa lisanalowe, atataya usiku umodzi wokha wa kuloji, umenenso ukanawadyera ndalama.